Mazira a Nkhunda za Madamu

Lolemba, 1 Epulo

Chimwemwe! Makaniko wanga, mwana wa malemu achimwene, amene ndinamulera ndekha kuyambira akukwawa, wandiuza lero m'khitchini. Mawu otsitsa, maso pansi. "Azakhali, musauze munthu. Mtsikana uja wa pasaluni ali ndi mimba. Ndi yanga."

Ndavina ndi kansalu kopukutira mbale m'manja. Mwakachetechete, poti Madamu anali kuchipinda. Madamu ndiye mkazi wake wa ukwati. Zaka zonsezi, mimba ikangobwera, yachoka. Sabata yatha yomweyi wabwerakonso kuchipatala chimanjamanja. Sukulu yambirimbiri, ntchito ya muofesi, nsapato zogogoda, koma m'mimba ngati sefa.

Ndamufunsa mwanayu kuti nanga umuuza liti. Akuti, "Akudwala, Azakhali, ayambe wapeza mphamvu." Mtima wa bambo ake weniweni. Wofewa ngati buledi wogwera mu tiyi.

Mdzukulu. Ndilembenso ndione mmene akuonekera papepala. Mdzukulu.

Lachitatu, 3 Epulo

Nkhunda ziwiri pakhonde. Zopanda mwini zija, zodya m'mabini ndi kunyera magalimoto a anthu. Ife tili m'fulati yapamwamba penipeni, kupitirira ife ndi denga basi, ndiye zimatera pano. Zasankha beseni lakale lobooka, kuseri kwa mpando wothyoka. Yaimuna yakuda, khosi lobiriwira, kudzitukumula ngati bwana wolandira alendo. Yaikazi yotuwa, chala chimodzi chinaduka.

Yaimuna ikututa timitengo, kamodzikamodzi. Ikafika imamuponda mkazi wake pamsana, nkumupatsira pamwamba pa mutu. Iye nkusomeka kunsi kwa mimba. Chisa chake chamanyazi. Timitengo towerengeka, kawaya, kapepala ka suwiti. Munthu kuyetsemula chitha kumwazika.

Madamu wakokera mpando pazenera la pabalaza. Tsiku lonse pomwepo, bulangete m'miyendo. Chibwerere kuchipatala sanadye zanzeru, lero wamaliza tiyi ndi buledi. Chifukwa cha nkhunda eti!

Ndimati ndisese zitosi. Akuti, "Chonde Azakhali, musazidzidzimutse." M'nyumba ya mwana wanga ndiziyenda monyang'ama kuopa mbalame za m'bini. Chabwino. Masiku a Madamu m'nyumba muno ngochepa.

Loweruka, 6 Epulo

Mazira. Dzana limodzi, lero lachiwiri. Oyera, ang'onoang'ono. Madamu anandiitana ngati watola ndalama panjira. Ndinasuzumira, ndati, "Taonani, ya chala chodukayo, yosapita ndi kusukulu komwe. Awiri." Anangoyang'ana beseni. Koma makutu sanatseke.

Masana ndinapita kusaluni, ngati ndikukakonzetsa tsitsi. Koma mtsikana! Chiuno chenicheni cha mayi, kuseka pafupipafupi, mano oyera. Wangondiona, "Amayi, lowani!" Amayi. Madamu chikhalire sanandiitanepo choncho, ndi Azakhali, Azakhali, ngati akuwerenga pachikwangwani.

Anandigwiritsa pamimba. Sipanatuluke, koma ine ndamva. Akufuna malalanje nthawi zonse, ndamugulira. Akuti, "Amayi, kanyumba kanga ka lendi nkachinyezi. Mdzukulu wanu adzabadwire mmenemo?" Ndati ayi ndithu mwanawe, chipinda chilipo, nkungochotsamo katundu wakale.

Tinaseka mpaka makasitomala kutembenuka.

Lolemba, 8 Epulo

Madamu tsopano ndi mphunzitsi wa nkhunda. Akuti zimasinthana ngati alonda. Dzuwa likakwera yaimuna imabwera, imalira pang'ono, yaikazi nkudzuka, nkudziwongola, nkupita kukadya. Yaimuna imakhalira mazira mpaka dzuwa litapendeka. Kenako yaikazi kufikira mawa. Ndinayang'ana, nzoonadi. Amuna a nkhunda alibe chochita.

Wayamba kuziwazira mpunga wanga.

Pamasitepe ndinakumana ndi a Makiyi, bambo oyang'anira mafulatiwa, aja amalira ngwelengwele akamayenda. Akudandaula kuti a pansi pathu zovala zawo zonse zitosi. Ndati ine ndikanataya kale mazirawo, koma muli adona mmenemo. Akuti, "Musataye mayi, mukataya ziikira ena sabata yomweyo. Ife timawiritsa, nkubwezera pomwepo. Zimangokhalira miyala mpaka kutopa."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe. Kuwiritsa! Anthu ali ndi nzeru kunja kuno.

Lachiwiri, 9 Epulo

Ndachita!

Madamu anapita kuchipatala kuti akamuone ngati m'mimba mwayera. Makaniko kugalaja. Nyumba yonse yanga.

Pachisa panali yaimuna. Koma ukali! Ndangotambasula dzanja, yafufuma, yandimenya ndi phiko, pha! ngati mbama. Ndabwera ndi tsache. Yathawira pachitsulo cha khonde nkumandiyang'ana ndi diso limodzi lofiira.

Mazira ofunda m'manja, opepuka ngati mulibe kanthu. M'kapoto kaja ka tiyi. Ndimaopa kuti ang'aluka, ndiye ndinayamba ndi madzi ozizira, moto pang'onopang'ono. Sanang'aluke. Ndawaika pansalu mpaka kufunda kwake kwa poyamba, ndabwezera mmene analili.

Yabwera. Yawatembenuza ndi mlomo, yagwedeza matako, khale! Maso kutsinzina ngati munthu wa ntchito yofunika. Ndaseka ndekha mpaka nthiti kuwawa.

Madamu pobwera, nsapato osavula, molunjika pazenera. "Zili bwino, Azakhali?" Ndati bwino kwambiri, ndazisamalira ndekha. Akuti zikomo. Wandigulira mafuta opaka m'mawondo, akuti wandimva ndikubuula pamasitepe. Ngabwino, akutenthera bwino.

Tsopano m'nyumba muno muli atatu ofanana. Iye ndi nkhunda zake.

Lachisanu, 12 Epulo

Kumsika m'mawa. Pakaunjika ndapeza timasokosi, kachipewa, kajuzi kachikasu kokhala ndi bakha pachifuwa. Ndachapa, ndayanika pakhonde, pamwamba penipeni pa beseni, pamene pamakhala maso ake. Makaniko pakamwa palemera, ndiye chingwe chimulankhulire.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Azakhali, tizovalati nta ndani?" Ndati ta mdzukulu wanga. "Uti?" Ndati funsani amuna anu, ine ndine mlendo chabe muno.

Madzulo chitseko cha kuchipinda chotseka. Ine khutu pakhoma. Ndimayembekezera kukuwa, mbale kusweka. Ayi. Wolira anali Makaniko, mwamuna wamkulu, kufwenthera ngati ali kusukulu ya mkaka.

Atatuluka, Madamu ananena pamaso pa tonse awiri, mawu ozizira ngati akuwerenga nkhani pawailesi. "Ndamva. Sindilimbana ndi munthu woyembekezera. Ndipita kwa akulu anga. Koma ndingoona kaye mazirawa ataswa. Ndikufuna ndione kamodzi kokha chinthu chikubadwa m'nyumba muno."

Mtima wanga unachita kulumpha. Popanda ndewu, popanda kukokana! Ndinapita kukhitchini ndikuimba. Ndati nditereke tiyi wa chikondwerero, ndagwira kapoto kaja.

Nyimbo inathera pomwepo.

Mayo ine. Mazira aja.

Lamulungu, 14 Epulo

Kutchalitchi ndinayamba kupempherera mazira, kenako ndinadziseka ndekha pakati pa pemphero. Mayi woyandikana nane anandigunda ndi chigongono. Dzira lowiritsa, olo abusa atasala kudya.

Koma chimwemwe chilipobe. Wanena yekha kuti apita. Mawu atuluka, sabwerera. Kungoti ndadzitsekera ndekha chitseko ndi kapoto ka tiyi.

Ndipo nzamwano zimenezi. Kuchoka pabanja mpaka kuika tsiku ndi mbalame? Ine pamene ankandichotsa kwa amuna anga, nkhani yake yomweyi, apongozi anandiponyera katundu panja mvula ikugwa. Palibe anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna kuona kaye. Ndinatola zovala m'matope, ndinapita. Sindinafe. Chaka chotsatira achimwene anamwalira, Mulungu nkundipatsa Makaniko. Ndiye iyeyu ndi ndani kuti azichoka ngati mfumukazi?

Lero yaikazi inachedwa kubwera. Yaimuna inakhalabe, njala ndi njala, mlomo yasaa ndi dzuwa. Madamu anaiikira madzi m'chivindikiro cha botolo.

Lachinayi, 18 Epulo

Sizikundisangalatsa.

Makaniko wayamba kubwera msanga. Kale amafika chakudya chitazizira, fungo la mafuta a tsitsi kumalaya. Tsopano dzuwa lisanalowe ali pakhomo, akuti akufuna aone kusinthana kwa alonda. Amakoka mpando wachiwiri. Awiriwiri pazenera, ngati akuonera kanema.

Dzulo wabwera ndi katoni ya mabatire, waidula, wamangira kadenga pamwamba pa beseni kuti dzuwa lisaziotche. Shelefu yanga ya kuchipinda ndinamupempha chaka chatha, mpaka lero.

Ndinawamva akuseka. Madamu akuti, "Abwana afika pa shifiti, achedwa, awadula malipiro." Iye nkuseka ngati wamva chinthu chanzeru. Kenako zii. Ndinasuzumira. Dzanja lake lakuda ndi girisi lili paphewa pa Madamu.

Ndinagwetsa chivindikiro cha poto dala. Nkhunda inauluka, onse awiri ananditembenukira ngati ndaba m'tchalitchi.

Madamu masaya ayamba kubwerera. Wadzola ndi milomo lero. Munthu wochoka amadzola milomo?

Lolemba, 22 Epulo

Foni kuchokera kusaluni. Mtsikana wakwiya, ndipo sindikumunena. Makaniko sanapiteko sabata yathunthu, malalanje akugula yekha. Ndamufotokozera za mazira, zakuti tikudikira aswe, zowiritsazo ayi. Akuti, "Amayi, mimba sidikira nkhunda. Mwezi uno ukatha ndikupita kwa mayi anga, ndipo mwanayu mudzamuonera pachithunzi."

Kwa mayi ake nkutali, basi ya tsiku lonse. Mdzukulu wanga akakulire kumeneko, azikaitana ena kuti agogo? Nditafa.

Ndamunyengerera. Ndati kajuzi kachikasu kali m'chikwama changa, ndimakanunkhiza m'mawa uliwonse. Nzoona, ndimatero.

Madamu akuti sabata ino ndiye mazira aswa, wawerenga pafoni. Sakupitanso ndi kugolosale komwe. Kusamba kokha ndiye amachoka pazenera, ndipo kusamba kwake nkwa chaka, madzi kuchita kutha m'thanki.

Lachitatu, 24 Epulo

Palibe kanthu. Nanga pakanakhala chiyani?

Zikukhalirabe. Yaikazi nthenga za pamimba zathothoka. Imadzuka, nkuyang'ana mazira, nkupendeketsa mutu ngati ikumvetsera, nkukhalanso. Ine ndikayang'ana ndimafuna kuseka, ndikakumbuka za kusaluni kuseka nkuthawa.

Ndayesa njira yachidule. Ndati, "Madamu, mazirawa asukusa. Zimachitika. Inu mukudziwa bwino kuposa tonse." Wandiyang'ana, nkuyankha mofatsa, "Zikatopa zisiya zokha, Azakhali, kenako ziikira ena. Ndidikira amenewo."

Ena! Ndiye kuti mwezi wina. Ndipo Makaniko anali pomwepo akuvula ovololo, nkuponyapo mawu ake, "Yaimunayi ndiye yandichititsa manyazi. Nthawi yakwana, palibe chikutuluka, koma siikuthawa." Ananena akuyang'ana pansi.

Ndadya pang'ono.

Lachisanu, 26 Epulo

Mutu wanga uwu! Sukulu ndinalekeza panjira koma mutu ulipo.

Ndinapempha a Makiyi kiyi wa padenga, ndati ndikayanike mabulangete. Makwerero achitsulo, mawondo kulira, koma ndinakwera. Kuseri kwa mathanki a madzi, nkhunda ngati msika. Fungo loti munthu nkukomoka. Zisa paliponse, pa mapaipi, pa njerwa, zina pamwamba pa zitosi zouma basi. Zina mazira, zina maunda akuluakulu a nthenga kale. Amenewo ayi, Madamu si chitsiru.

Pakona, pansi pa paipi, ndapeza. Chiunda chimodzi changoswa kumene, chikadali chonyowa. Dzira linalo labooka kale, kamlomo kakugogoda m'kati. Mawa m'mawa akhala awiri. Ndatola ndi chikhokhombe cha dzira chimene make anataya chapafupi, ndachikulunga m'kansalu.

Kiyi sindinabweze. Ndati mabulangete sanaume.

Pakhonde yaimuna yayamba kutayirira. Lero yasiya mazira kanthawi, nkumazungulira mkazi wake ikukoka mchira pansi. Zatsala pang'ono kutopa. Mawa basi.

Loweruka, 27 Epulo

Aleluya! Aleluya!

Makaniko atangotuluka, Madamu atangotseka chitseko cha kubafa, ine pamakwerero. Make wa padenga anandimenya ndi phiko mpaka dzanja kufiira. Ndinamukankha ndi silipasi. Maunda awiri, onyansa! Maso otseka otupa, tsitsi lachikasu lapatalipatali ngati mutu wa nkhalamba, mimba yoonekera m'kati. Ndinawaika m'kamisolo, pachifuwa penipeni. Ofunda, akugundagunda. Potsika ndinatsala pang'ono kuphonya sitepe.

Tsache, yaikazi panja. Mazira owiritsa m'thumba la diresi, maunda m'beseni, chikhokhombe pambali kuti chioneke. Madzi akadali kuwawaza kubafa. Mazira ndawataya m'bini ya panja, limodzi linaphulika, fungo la maliro.

Kenako mantha. Nanga zikawajompha? Yaikazi inatera, nkuima. Kuyang'ana, kuyang'ananso. Inazungulira beseni. Kenako inalowa pang'onopang'ono, nkuwakokera kunsi kwake ndi mlomo, khale. Chitsiru cha mbalame! Sichidziwa ndi ana ake omwe.

Ndinakhala pampando wanga ndi kusoka, ngati sindinadzukepo.

Madamu anatuluka thaulo kumutu. Anafika pazenera, anaona chikhokhombe. Mawu amene anatulutsa sindingathe kuwalemba. Anagwada pansi pomwepo, chipumi pagalasi. "Azakhali! Azakhali, bwerani! Aswa!" Anandikumbatira, tsitsi lonyowa kundinyowetsa bulauzi. Kulira ndi kuseka pamodzi.

Nanenso ndinalira. Za ine zinali zenizeni, za chimwemwe.

Lamulungu, 28 Epulo

Sindinapite kutchalitchi, ndimafuna ndimve mmene ithere.

Zikuwadyetsa ngati awo. Chiunda chimalowetsa mlomo wonse m'kamwa mwa make, make nkumadzigwedeza ngati akusanza, nkumatuluka zoyera ngati mkaka. Yaimunanso chimodzimodzi! Mwamuna kuyamwitsa. Dziko ili.

Padenga pali ina ikulira kuyambira m'mawa, kuu, kuu, osalekeza. Madamu anafunsa kuti kodi imeneyo yatani. Ndati kaya, mwina njala.

Masana Makaniko anagwada. Pamaso panga, osachita ndi manyazi. Akuti, "Usapite. Ndinalakwa ndine. Mwanayo tizimuthandiza ali komweko, koma iwe khala." Ine singano inandibaya chala.

Madamu maso ali pa beseni. Ananena mofatsa, "Ndinkati mwina ndi nyumbayi. Mwina ndi masitepewa, mwina ndi mphepo ya pamwamba pano. Akanapanda kuswa ndikanati tisamuke, tikayesenso kwina. Koma taonani. M'beseni lobooka, pa kawaya ndi kapepala ka suwiti, aswa onse awiri. Ndiye kuti si nyumba. Ndine."

Wanena yekha. Ine sindinatsegule pakamwa. Zaka zonsezi ndimanena zomwezo, amati Azakhali ndi ankhanza. Lero zanena nkhunda, wamva.

Ndinalowa kuchipinda, ndinaluma pilo kuti nthungululu isatuluke.

Lachiwiri, 30 Epulo

Masutikesi pabedi. Akupinda zovala mwadongosolo ngati akupita kumsonkhano. Ndinadzipereka kumuthandiza, ndamuchapira ndi nsapato zomwe. Makatani akuti asiya. Mapoto asiya. Wandipatsa juzi yake yofiirira ija ndinkaisirira. Yandikwana ngati anayezera ine.

Ndaimbira kusaluni. Mtsikana anakuwa mpaka foni kulira m'khutu. Akufuna chipinda chipakidwe penti wobiriwira, ndipo bedi akuti lisinthidwe, sangagone pamene pankachokera mimba za wina. Nzoona zake.

Makaniko amadya ngati akutafuna thonje. Zimatha zimenezo. Akadzangomunyamula mwana m'manja adzaiwala ndi dzina lomwe.

Maunda akukula ngati akuwapopa. Maso ayamba kutseguka, timizere. Akuda m'mapiko, akumera timinga. Madamu akuti chachikulucho chafanana ndi bambo ake. Ndinathawira kukhitchini.

Lachinayi, 2 Meyi

WAPITA.

Takisi inabwera m'mawa, akulu ake ali momwemo, nkhope ngati mwala. Sanakwere ndi kuno komwe. A Makiyi anathandiza kutsitsa masutikesi.

Pakhomo anandigwira manja onse awiri. "Azakhali, tinalephera kumvana, koma tsiku lija munalira nane. Sindidzaiwala." Ndati pitani bwino mwananga, Mulungu akutsogolereni. Mwananga! Pakamwa panga pamatha zinthu.

Ndinaima pakhonde mpaka takisi itakhota. Kenako wailesi mpaka kumapeto. Ndavina pabalaza, ndavina m'khitchini, ndavina m'chipinda chawo pamwamba pa matiresi, mawondo osamva kanthu. A pansi anagogoda ndi mtengo wa tsache. Agogode!

Chimodzi chokha. Pamasitepe ndinamumva akuuza Makaniko, "Sindikupemphani kanthu. Muzingonditumizira chithunzi cha maunda tsiku lililonse, mpaka adzauluke." Iye anagwedeza mutu ngati walandira lamulo la kukhoti.

Tiona.

Lachisanu, 3 Meyi

Ndatsegula mazenera onse, ndakolopa ndi mankhwala onunkhira. Mpando wa pazenera ndaubwezera pakona pake.

Makaniko pobwera waukokanso. Wajambula maunda, watumiza. Foni nkulira. Wayankha. Nkuliranso. Wamwetulira! Chakudya chili patebulo, iye chala pafoni mpaka mdima kugwa. Ndati nanga kusaluni upita liti, penti tigula liti? Akuti, "Mawa, Azakhali." Osandiyang'ana.

Ndafunsa a Makiyi kuti maunda amauluka liti. Akuti mwezi, pena kupitirira, ndipo asanauluke make amakhala ataikira kale ena pambali. Ndiye kuti chithunzi sichidzatha. Munthu wachoka ndi masutikesi, chingwe wasiya chomangirira pa beseni.

Ayi. Ntchito sindisiyira pakati ine. Ndipo khondelo likufunika, matewera tidzayanika pati?

Loweruka, 4 Meyi

Khonde layera ngati mbale! Mpando wothyoka kunja, katoni kunja, zitosi ndapala ndi mpeni. Beseni ndakhuthulira m'jumbo, zonse, timitengo ndi eni ake, ndamanga pakamwa, ndatsitsa ndekha kubini yaikulu ya kuseri. Ntchito yawo anagwira, yatha. Ndamanga chingwe chatsopano, ndayanikapo kajuzi kachikasu kuti kapitidwe mphepo. Kukongola kwake!

Ziwiri zija zikungotera pachitsulo, kuyang'ana pakona, kuuluka, kubweranso. Yaimuna chakudya chadzadza pakhosi, yosowa womupatsa. Ndaithira madzi kuti ichoke.

Ndaphika mpunga ndi nkhuku. Mtsikana akubwera madzulo ano kudzaona chipinda, ndamuitana ndine. Makaniko sakudziwa, akondwa.

Wafika masana, foni ili kale m'manja. Molunjika pakhonde. Anaima. "Azakhali, ali kuti?" Ndati ndasesa, bambo, tayang'ana kajuzi ka mwana wako. "Ndati ali kuti?" Mawu amenewo sanandilankhulepo nawo chibadwire. Ndaloza pansi.

Anatsika masitepe ngati nyumba ikupsa.

Ndikumuona pano ndikulemba. Walowa m'bini mpaka m'chiuno, mwana wa achimwene, ndi ovololo yake, akung'amba majumbo a anthu. Azimayi a pansi atuluka, akuloza. Manyazi ake ndi anga. Wapeza. Chimodzi wachiyang'ana, wachiika pambali pang'onopang'ono. Chinacho chikuoneka chikugwedezeka. Wachilowetsa m'malaya, pachifuwa.

Wayang'ana kuno. Ndamukodola, ndakuwa kuti chakudya chapsa, akwere asambe.

Sakukwera. Akulowera kumsewu, kumene kumaima mabasi opita kwa akulu ake a Madamu, dzanja limodzi pachifuwa. Kusaluni si kumeneko.

Abwera. Ndinamulera ndine, sangagone ndi njala. Mpunga ndauvindikira.

Wina akugogoda. Akhala mtsikana uja, wafulumira. Ndimuuza kuti...